Khomani Pansi pa Matabwa Ponyamulika Pophunzirira Volebo Pakhomo

Mwana wokonda volebo amafuna malo odumphapo ndi kugwapo tsiku ndi tsiku. Pabwalo la dothi pamakhala fumbi chilimwe ndi matope dzinja, pomwe pasimenti pamapweteka mawondo ndi akakolo. Pansi pa matabwa pamafewetsa kugwa, ndipo mukapakonza m'zigawo mutha kupayala madzulo n'kupachotsa mvula ikamabwera.

Musalimbane ndi bwalo lonse la mamita 18 mulitali ndi 9 mulifupi. Chofunika pakhomo ndi malo othamangirapo podumpha, olandirirapo mpira ndi oponyerana. Mapepala 6 a plywood, lililonse la mamita 2.44 ndi 1.22, mukawadula pakati amatulutsa zigawo 12. Mukaziyala zitatu mulifupi ndi zinayi mulitali, mupeza malo a mamita 3.66 ndi 4.88, okwanira bwino poti pabwalo lenileni mzere wa osewera akutsogolo umakhala mamita 3 kuchokera pa neti.

Zofunika

Gulani plywood yochindikala mamilimita 18, yosaopa chinyezi, chifukwa yopyapyala imapindika munthu akatera. Mufunikanso matabwa a paini ouma bwino a mamilimita 50 ndi 76, masikuluwu a mamilimita 50, guluu wa matabwa, sandipepa, vanishi, mankhwala a chiswe monga Solignum, ndi zidutswa za matayala akutha. Matabwa aawisi asiyeni: akamauma amakhota, pansi ponse n'kukhala mabampu.

Kakhomedwe

Chigawo chilichonse chikhale ndi felemu yakeyake: matabwa anayi m'mbali ndi awiri m'kati, otalikirana masentimita 40. Pakani mankhwala a chiswe musanalumikize, makamaka m'malo modula. Yezani felemu kuchokera pangodya kufika pangodya inzake mopingasa. Miyeso iwiriyo ikafanana, ndiye kuti yakhala bwino.

Poika plywood pamwamba, isunthireni masentimita 2.5 kumbali ziwiri, kuti kumeneko ilendewere pang'ono, ndipo kumbali ziwiri zinazo felemu itulukire. Mukatero, chigawo chilichonse chimagonera pa felemu ya chinzake, ndipo phazi likaponda polumikizira, mbali zonse zimatsikira limodzi. Apa m'pamene pagona ntchito yonse, chifukwa mpata kapena kam'mphepete kotukuka n'komwe kamakola chala cha wothamanga.

Pakani guluu, kenako mangani masikuluwu motalikirana masentimita 15, mitu yake ilowe m'thabwa. Misomali musagwiritse ntchito: anthu akamadumpha imasolokera m'mwamba n'kung'amba khungu. Kunsi kwa felemu khomererani zidutswa za matayala pangodya zonse ndi pakati. Zimenezi zimatukula matabwa kuti asakhudze chinyezi komanso zimameza mphamvu ya wodumpha.

Kwechani pamwamba ndi m'mphepete ndi sandipepa mpaka dzanja lisamve kobaya. Pakani vanishi kawiri, osaiwala m'mphepete mwa plywood, pomwe madzi amalowera n'kuifufumitsa. Sankhani vanishi yosanyezimira, ndipo polishi asafikepo, chifukwa pansi poterera m'poopsa kuposa dothi.

Kuyala ndi kusunga

Sankhani malo athyathyathya, kutali ndi khoma, mitengo ndi chingwe choyanikapo zovala. Salazani ndi khasu, thirani mchenga m'maenje, tsindirani. Yalani kuyambira pangodya imodzi, ndipo zigawo muzimange ndi masikuluwu atatu polumikizira paliponse. Zilembeni manambala kunsi kuti nthawi zonse zizibwerera m'malo mwake.

Pansipa pamatukuka masentimita pafupifupi 10 kuchokera padothi, choncho khomani matabwa otsetsereka kuzungulira m'mbali monse kuti wothamangira mpira asabinye bondo kapena kakolo. Ngati mukumanga neti, ya amuna imakhala mamita 2.43 m'mwamba, ya akazi 2.24.

Ana asanayambe kusewera, wamkulu ayendepo kaye, akumvetsera pogwedera ndi kupapasa mitu ya masikuluwu. Thukuta kapena mame zikadonthera, pukutani pompo. Pomaliza, masulani zigawo, nyamulani awiriawiri, ndipo muziimike pa njerwa pakhonde kapena m'shedi, mosiya mpata woti mphepo izidutsa. Chaka chilichonse mvula isanayambe, pakaninso vanishi ndi mankhwala a chiswe, ndipo chigawo chomwe chayamba kufumbwa kapena kung'aluka chisinthidwe msanga, ana asanachipondenso.