Tiphunzire Chitaliyana: Mawu a M'kalasi

Ansembe athu akatumizidwa ku Roma kukapitiriza maphunziro, ambiri amakalowa pa Urbaniana, sukulu imene Papa Urbano VIII anaikhazikitsa m'chaka cha 1627. Kumeneko aphunzitsi amaphunzitsa m'Chitaliyana. Poti m'mera mpoyamba, ndati ndikugawireniko zimene ndatola kwa Bambo wina wa ku Italy amene amatiphunzitsa Chilatini.

Tsiku lina ndinafuna kuwaonetsa kuti nanenso ndayamba kudziwa. Ndinati, "Ciao! Come stai?" Iwo anaseka nati, "Mwana wanga, kodi agogo ako ungawafunse kuti, 'Uli bwanji iwe?'" Ndinachita manyazi kwambiri, koma phunziro ndinaligwira.

1. Ulemu

Mnzako umamutchula "tu", ndiye kuti iwe. Wamkulu timamutchula "Lei", ndipo mneni amakhala ngati tikunena za munthu wina, monga momwe ife timafunsira kuti, "Abambo ali bwanji?" chonsecho tikulankhula nawo. Kwa mnzako: Ciao, come stai? Kwa mphunzitsi: Buongiorno, come sta? Popepesa mnzako umati "scusa", koma kwa wamkulu timati "scusi".

2. Katchulidwe

Apa tili ndi mwayi, chifukwa a, e, i, o, u amamveka pafupifupi ngati m'Chichewa. Msampha uli pa "ch", amene amatchulidwa ngati k. Choncho "chiesa", tchalitchi, ndi "kyeza". Koma "ci" ndi "ce" amamveka ngati chi ndi che wathu. Lemba likabwerezedwa, litsindikeni: "penna" ndi cholembera, pamene "pena" ndi chilango. Osapempha chilango kwa aphunzitsi!

3. Kuchulukitsa

Ife timasintha kumayambiriro: munthu, anthu. Iwo amasintha kumapeto. Mayina ambiri othera ndi o amathera ndi i: il libro, i libri, buku, mabuku. Othera ndi a amathera ndi e: la penna, le penne.

4. Ziganizo zoloweza pamtima

Posso entrare? Kodi ndingalowe?
Ho una domanda. Ndili ndi funso.
Non ho capito. Sindinamve.
Può ripetere, per favore? Mungabwereze, chonde?
Più lentamente, per favore. Pang'onopang'ono, chonde.
Come si dice in italiano? Amati chiyani m'Chitaliyana?
Grazie. Zikomo.

Pa zonsezi, chondivuta kunena ndi "Non ho capito". Sikuti mawuwo ndi ovuta ayi, koma ndimaopa kusekedwa. Nthawi zambiri ndimangogwedeza mutu ngati ndamva, kenaka n'kulakwa ntchito yonse. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Ntchito yanu nayi: chulukitsani "il quaderno", kope, ndi "la sedia", mpando. Mukatero, mukapereke moni waulemu kwa wansembe amene anaphunzirako ku Roma. Akakuyankhani mofulumira, mukudziwa kale choti munene.

Arrivederci, tidzaonananso!