CILEI CA MPUNGA

Ku Chama, m'cigwa ca Luangwa, anthu alima mpunga wambiri. Ng'ombe n'zosowa kumeneko cifukwa ca kashembe, kotero kuti munthu wotuta ndi cilei akoka yekha pamodzi ndi ana ace.

Tsiku lina bambo wina anaika matumba a mpunga pa cilei. Cilei ndi katundu wace zinalemera makilogalamu 100. Nthaka inali kucigwira ndi mphamvu ya manyutoni 400, ndipo iye ndi anyamata ace anakoka ndi mphamvu yomweyo mtunda wa mamita 50.

Nchito ipezeka pocurukitsa mphamvu yokokera ndi mtunda: 400 × 50 = 20,000. Muyeso wace uchedwa julu, kukumbukira James Joule, Mngelezi amene anafa mu 1889. Majulu onsewa anathera pa kukhulana kwa mitengo ndi nthaka, nasanduka kutentha.

Atafika pa mtsetse wotsikira ku dambo, cilei cinayamba kutsetsereka cokha. Cinthu ciri conse coyenda ciri ndi mphamvu ya liwiro. Poiwerenga, acurukitsa liwiro ndi liwiro lomwelo, nacurukitsanso ndi kulemera, nagawa pakati.

Cilei cikafika pacidikha cikuyenda mamita 2 pa sekondi, mphamvu yace ndi 2 × 2 × 100 ÷ 2, ndiwo majulu 200. Nthaka icotsa majulu 400 pa mita iri yonse, cotero ciima citayenda theka la mita. Koma cikafika cikuyenda mamita 4 pa sekondi, mphamvu yace ndi majulu 800, ndipo siciima kufikira citatha mamita 2. Liwiro likakula kawiri, mphamvu ikula kanai, ndi mtunda woimira womwe.

Bamboyo sanadziwe masamu amenewa, koma anacita mwanzeru. Anacotsa mwana wace wamng'ono amene anali kutsogolo, namanga cingwe kumbuyo kwa cilei, ndipo onse anacitsitsa pang'ono pang'ono. Mwana woima mita imodzi kucokera patsinde pa mtsetse sakhudzidwa ndi cilei coyenda pang'ono, koma cothamanga cimtyola miyendo.

MAFUNSO

1. Anyamata akoka cilei ndi manyutoni 300 mtunda wa mamita 20. Acita nchito ya majulu angati?

2. Cilei ca bamboyu cikathamanga mamita 6 pa sekondi, cidzaima citayenda mamita angati?