Phunziro: Chithunzi Chojambulidwa ndi Dzuwa

Makolo ena afunsa a komiti ya msikiti ngati maphunziro a kalabu yojambula zithunzi sakulowetsa ana m'zinthu za haramu. Funsoli ndi loyenera, choncho tione kaye zimene anawo akuchita.

Luso limene akuphunzira limatchedwa cyanotype, ndipo silifuna kamera. Analitulukira ndi John Herschel ku England mu 1842. Timasungunula mankhwala awiri m'madzi, ferric ammonium citrate ndi potassium ferricyanide, n'kuwasakaniza, kupaka papepala ndi kuliumitsa m'chipinda cha mdima. Likauma timaikapo tsamba, kupsinja ndi galasi, n'kutulutsa padzuwa. Dzuwa la kuno ku Kasungu m'chilimwe silichedwa: mphindi 10 kapena 15 zimakwana. Tikatsuka ndi madzi, pamene dzuwa linawomba pamasanduka buluu, pamene tsamba linaphimba pamatsala poyera. Sopo ndi phulusa zimafafaniza mtunduwo. Ndipo mankhwalawa asakhudzane ndi asidi wa batire, chifukwa amatulutsa mpweya wakupha.

Nanga Chisilamu chikuti chiyani? Mu Sahih Bukhari ndi Sahih Muslim muli nkhani ya munthu amene ankadyera luso lojambula. Ibn Abbas (RA) anamuchenjeza za kujambula zamoyo zokhala ndi mzimu, koma anamuloleza mitengo ndi zina zopanda mzimu. Pa zithunzi za kamera ma Ulama amasiyana: ena amaloleza, ena amaloleza pokhapokha pali chofunikira, monga chiphaso. Koma pa masamba ndi maluwa ma Ulama ambiri saona vuto, n'chifukwa chake kalabu yathu yayambira pamenepo. Ngakhale Anna Atkins, amene anatulutsa buku la zithunzi zotere mu 1843, anajambula zomera za m'nyanja.

Tisaganizenso kuti maphunziro a kuwala ndi achilendo kwa Asilamu. Ibn al-Haytham, wobadwira ku Basra cha m'ma 965, anasonyeza m'buku lake Kitab al-Manazir kuti timaona chifukwa kuwala kumalowa m'diso, osati kuti diso limatulutsa kuwala monga ankanenera ena akale.

Ophunzira abweretse masamba a chinangwa, mtedza kapena msangu. Fodya ayi, ngakhale ali pakhomo paliponse: tsamba laliwisi, makamaka lonyowa, limalowetsa nikotini pakhungu ndipo mwana amatha kuchita chizungulire ndi kusanza. Tiyamba 9 koloko Loweruka kuti timalize Swala ya Dhuhr isanakwane. Makolo amene akadali ndi chikaiko abwere adzaone okha.