NAZALE WA ANA A NSOMBA

Alimi ambiri amene anakumba maiwe m'madambo mwao amadandaula kuti nsomba zimaswana ndithu, koma ana ace amangotha osadziwika kumene alowera. Mwezi uno tiphunzire cifukwa cace ndi njira yoletsera citayiko cimeneci.

Nsomba zimene timaweta, makumba, cilunguni ndi cambo, nza banja limodzi ndi mbuna, tinsomba tamawanga-mawanga tokhala m'miyala ya m'Nyanja ya Malawi. Mbunazo zimagulitsidwa ku Germany, ku Britain ndi ku America, kumene anthu amaziweta m'nyumba, m'mabokosi agalasi odzaza madzi. Popeza galasi silibisa kanthu, iwo amaona ndi maso zimene madzi a m'dziwe amatibisira ife. Cimene anapeza ncakuti ana a nsomba amapulumuka akapatulidwa kwa nsomba zazikuru. Ife alimi a fodya tidziwa kale zimenezi, pakuti palibe amene amafesa fodya m'munda asanayambe ndi nazale.

KASWEDWE KACE

Nsombazi zimaswana madzi akafunda, maka-maka kuyambira October kufikira March. Makumba ndi cambo zimacita motere: yaimuna imakumba cisa conga mbale pansi pa dziwe, yaikazi niikira mazira m'menemo, ndi kuwatola m'kamwa mwace. Imawasunga m'kamwamo masabata awiri kapena atatu osadya kanthu. Ngakhale ana atayamba kusambira, akaona coopsa amathawiranso m'kamwa mwa mai wao. Oweta m'magalasi akaona yaikazi yatupa kukhosi amaiika m'bokosi la yokha, ndipo ikalabvula ana amaicotsamo. Mai wotere akagwidwa mwankhanza amataya mazira onse.

Cilunguni cimaikira mazira m'timaenje pansi, ndipo yaimuna ndi yaikazi zimalondera pamodzi. Cifukwa cace tisakoke ukonde mwacisawawa nyengo imeneyi, ndiponso ng'ombe zisapondeponde m'mphepete mwa dziwe.

NCHITO ZOYENERA KUCITA

1. Tikumbe kadziwe kakang'ono pafupi ndi lalikuru, kozama mapazi awiri kapena atatu. Tikaumitse kufikira matope atang'aluka, kuti milamba yobisala ife. Polowera madzi tichinge ndi sefa.

2. Titathira madzi, tiikemo ndowe za nkhuku kapena za mbuzi, kutatsala masabata awiri kuti ana alowe. Madzi akabiriwira ndiye kuti muli tizomera ndi tizirombo tosaoneka ndi maso, timene ndi cakudya coyamba ca ana. Tibviike dzanja kufikira m'cigongono: cikhatho cikapanda kuoneka, ndowe zakwana.

3. Ana tiwawole m'mamawa m'mphepete mwa dziwe, m'mene amayenda m'magulu, ndi kaukonde kofewa ka maso ang'ono. Tiwanyamule m'ndowa ya madzi a m'dziwe lomwelo, ndipo pofika tipendeketse ndowa pang'ono-pang'ono kuti aturuke okha. Tisasanganize akuru ndi ang'ono, cifukwa akuru amadya anzao.

4. Tiwapatse gaga wosefa bwino, pang'ono pokha, katatu pa tsiku. Gaga wocuruka amaola ndi kutha mpweya wa m'madzi. Tikaona ana akuyasama pamwamba m'bandakuca, tileke kudyetsa tsiku limenelo, ndipo tilowetse madzi atsopano.

5. Tiwateteze kwa akakowa, ng'azi, akatumbu ndi acule. Tichetche udzu wa pa khoma la dziwe, ndi kumanga zingwe pamwamba pa madzi kuti mbalame zilephere kutera.

Patapita miyezi iwiri kapena itatu, ana atafika utali wa cala, tiwasamutsire m'dziwe lalikuru, awiri kapena atatu pa malo a yadi imodzi m'litali ndi m'lifupi.

CENJEZO KWA ALIMI A FODYA

Fodya ndi ululu kwa nsomba. Fumbi lace, mitsitsi ya masamba ndi mapesi ace siziyenera kutayidwa kumene mvula ingazikokololere m'dziwe. Cimodzi-modzi mankhwala opopera nazale wa fodya kapena ophera mbozi za m'cimanga. Mpope ndi zitini zace tizitsuke kutali ndi mfuleni yopita ku dziwe, pakuti madzi otsukirawo akhoza kupha ana onse usiku umodzi.

Nchito imeneyi siyocepa. M'caka ca 2018 bungwe la IUCN linalemba mitundu itatu ya cambo pakati pa zamoyo zimene zili pafupi kutheratu, cifukwa ca kuphedwa mopitirira m'nyanja. Mlimi wosunga bwino ana a nsomba amapeza ndiwo za banja lace pakhomo, amagulitsa mbeu kwa anzace, ndipo sadikira nsomba yocokera ku nyanja.

Amene afuna mbeu yabwino afunse Mlangizi wa za nsomba wa m'dera lao, kapena a ku malo oswetsera nsomba a Boma ku Domasi, m'boma la Zomba. Tiyeni tikumbe kadziweko m'cilimwe, nchito ya kumunda isanacuruke.