Zimene ndaphunzira m'buku la Robinson Crusoe

Loweruka lina tinakwera phiri la Zomba mpaka pa Emperor's View. Kum'mawa tinaona nyanja ya Chilwa, ndi chilumba cha Chisi chili pakati pa madzi. Pomwepo ndinakumbukira buku limene ndinali nditangomaliza kuwerenga, la Robinson Crusoe, lolembedwa ndi Daniel Defoe wa ku England ndipo linatuluka mu 1719.

Crusoe anali mwana wosamva. Anakana malangizo a bambo ake nathawira ku ntchito ya pa nyanja. Mu 1659 namondwe anaswa chombo chawo, anzake onse anamira, iye yekha napulumukira pa chilumba pomwe anakhala zaka 28. Anamanga pokhala, analima, anaweta mbuzi, ndipo ankawerenga masiku polemba mizere pa mtanda wa mtengo. Atadwala malungo anatsegula bokosi kufuna fodya woti adzichize naye, napezamo Baibulo. Apa ndi pamene anayamba kupemphera ndi mtima wonse. Ine ndinachita manyazi, pakuti kukhala chete tsiku limodzi la m'bindikiro kumandikanika.

Koma pali china chimene chinandivuta. Kodi chombo chija chinkapita kuti? Chinkachokera ku Brazil kubwera ku Africa kudzagula akapolo. Kale Crusoe anali atagulitsa Xury, mnyamata amene anam'thandiza kuthawa pamene iye mwini anali kapolo. Atapulumutsa munthu pa chilumbapo, sanam'funse dzina lake. Anangom'tcha Friday ndi kum'phunzitsa kuti azimuitana bwana. Crusoe analapa tchimo la kusamvera makolo, koma kugula anthu sanakuone ngati tchimo.

Kwa ife a kuno, ukapolo si nthano. Mu 1861 David Livingstone ndi Bishopu Mackenzie anamasula akapolo 84 m'mudzi wa Mbame nakawakhazika ku Magomero, kufupi ndi Zomba.

Anzanga, bukuli ndi lokoma, liwerengeni. Landiphunzitsa khama ndi kudalira Mulungu. Koma landichenjezanso kuti munthu angathe kupemphera m'mawa ndi madzulo, mnzake osamuona ngati munthu. Kodi amayi otiphikira nsima ndi abambo olondera pa chipata timawadziwa maina awo? Nanga ang'ono athu a Fomu 1 timawatuma bwanji? Amene akufuna kudzakhala wansembe ayambire pamenepa. Tiwerenge 1 Yohane 4:20 ndipo aliyense adziyankhe yekha.