Yankho kwa Mayi a ku Kabulonga pa Mabuku Osintha Khalidwe

Mayi a ku Kabulonga alemba kalata yofunsa chifukwa chimene mabuku ophunzitsa kudziletsa sakuwasinthira moyo ngakhale amawawerenga mwakhama. Yankho lagona pa chizolowezi, ndiko kunena mchitidwe umene munthu amaubwereza mpaka kumauchita osaganizira. James Clear, m'buku lake la Atomic Habits la mu 2018, amaphunzitsa kuti chizolowezi chatsopano chimakhazikika chikamangiriridwa ku chakale. Popeza pang'onopang'ono ndi mtolo, mayiwa akangokhala pansi m'minibasi yopita m'tauni m'mawa uliwonse aziwerenga masamba awiri okha, ndipo madzulo azilemba m'kope chinthu chimodzi chimene achita potsatira zimene awerengazo, pakuti chimene chimasintha munthu ndi kuchita mobwerezabwereza zimene waphunzira.