Lezala, ndevu ndi sopo: fizikisi ya m'bafa

Lolemba lina ndinalowa m'kalasi ya Fomu 3 ndili ndi mabala atatu pachibwano. Mtsikana wina wa kutsogolo anakweza dzanja n'kufunsa, "Aphunzitsi, munalimbana ndi mphaka?" Kalasi yonse inafa ndi phwete.

Sanali mphaka ayi. Ndinali nditangoyamba kuphunzira kumeta ndevu mwachikale: chometera chachitsulo chomwe umamangiramo lezala imodzi yakuthwa konsekonse, sopo, kaburashi ndi madzi ofunda. Makina ometera anali atanditopetsa, chifukwa magetsi akazima m'mawa umatsala tsaya lina lometa, lina losameta. Chometeracho chinali cha malemu agogo anga. Mtundu wake ndi uja anautchukitsa King Camp Gillette ku America. M'chaka cha 1903, pamene anayamba kugulitsa, anagulitsa zometera 51 ndi malezala 168 basi.

Kunena zoona, mabala aja ndinadzipatsa ndekha poiwala zomwe ndimakuphunzitsani.

Mukukumbukira kuti pressure ndi force kugawa ndi area? Tiyerekeze mpeni umene mbali yake yogunda chinthu ndi yotalika masentimita 5, ndipo mukuukanikiza ndi force ya 10 N. Ngati ndi wobuntha, kukamwa kwake n'kokhuthala milimita imodzi, area ndi 0.05 × 0.001, yomwe ndi 0.00005 m². Pressure ikhala 200,000 Pa. Tsopano unoleni mpaka kukamwako kufike 0.01 mm. Dzanja ndi lomwe lija, force ndi yomwe ija, koma pressure yakwera kufika 20,000,000 Pa. Yachuluka ka 100! Lezala yatsopano ndi yopyapyala kukamwa kuposa pamenepo kutalitali. Ndiye kuti siifuna kukanikizidwa. Kulemera kwa chometeracho n'kokwanira kudula tsitsi la ndevu, lomwe kunenepa kwake ndi pafupifupi 0.1 mm. Ine ndinkachita kusindikiza ngati ndikupala mamba a chambo, ndipo pressure yokwanira kudula ndevu ikapyola, chotsatira kudulidwa ndi khungu.

Kapendekedwe nakonso n'kofunika. Lezala ikhale pa madigiri pafupifupi 30 ndi khungu. Mukaiimika kwambiri imapala m'malo modula. Mukaigoneka kwambiri imangodutsa pamwamba osagwira kanthu.

Nanga madzi amatani? Tsitsi linapangidwa ndi puloteni yotchedwa keratin, yomweyo imene ili m'zikhadabo zanu. Likakhala louma, timaulusi ta keratin timagwirana mwamphamvu. Madzi akalowa amamasula ena mwa malo ogwiranawo, tsitsi limafufuma n'kufewa. Mwaonapo mmene zikhadabo zimawengekera mosavuta mukangomaliza kuchapa? N'chimodzimodzi. Koma madziwo amafuna nthawi kuti alowe, mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo ofunda amalowa msanga kuposa ozizira chifukwa mamolekyu ake amayenda mothamanga. Ine ndinkangowaza madzi kumaso n'kuyamba pomwepo, poopa kuchedwa ku assembly.

Thovu la sopo lili ndi ntchito ziwiri. Limasunga madzi pandevu kuti asaume inu muli mkati mometa, komanso limachepetsa friction pakati pa chitsulo ndi khungu. Lezala yoyenda mogwiragwira imakoka khungu n'kupanga kamkwinya patsogolo pake, ndipo kamkwinyako ndi komwe imatema. Apa ndinaphunzira kanthu kena mosayembekezera. Kunyumba kwanga sopo ankachita thovu bwinobwino, koma nditapita kumudzi patchuthi, sopo yemweyo anakana ndi madzi a pamjigo. Madzi ena apansi panthaka amakhala ndi calcium ndi magnesium wambiri, amene amagwirana ndi sopo n'kupanga zoyerayera zomata m'beseni m'malo mwa thovu. Aphunzitsi anu a chemistry adzakuuzani zambiri, ine ndisawalande ntchito.

Tsopano funso lomwe linandisowetsa mtendere ndi ili: chitsulo cha lezala n'cholimba pafupifupi ka 50 kuposa tsitsi, nanga lezala imabuntha bwanji itangometa maulendo ochepa? Ambiri tinkaganiza kuti imangoperepeseka pang'onopang'ono ngati chidendene cha nsapato. M'chaka cha 2020, Gianluca Roscioli ndi Cem Tasan a ku MIT anafalitsa kafukufuku wawo m'magazini ya Science. Anadula tsitsi mkati mwa maikulosikopu yamphamvu ya ma electron n'kumaonerera. Anapeza kuti kukamwa kwa lezala kumabenthuka tizidutswa. Chitsulo sichofanana paliponse, muli timalo tolimba kwambiri pakati pa tina tofewerapo. Tsitsi likapindika pamene likudulidwa, limakankha lezala chammbali, ndipo ngati pamalopo pali kamng'alu kale, kamakula mpaka kachidutswa kamachoka. Tsitsi likadulidwa litaima chilili, osapindika, kubenthukako sikuchitika. Chimene chimandikondweretsa apa n'chakuti funsolo ndi la m'bafa, aliyense akanatha kulifunsa, koma yankho lake lomveka labwera posachedwapa.

Anyamata amene mwayamba kumera ndevu, mverani apa. Ambiri a ife tsitsi lathu ndi lopotana. Likadulidwa mofupika kwambiri, nsonga yake yakuthwa imakhota n'kulowanso m'khungu, ndipo thupi limalimbana nalo ngati kuti ndi minga. Tiziphuphu toyabwa ta pakhosi tija timayamba choncho. Metani motsata kumene ndevu zagonera, osati mozitsutsa, musakoke khungu, ndipo musabwerezebwereze malo amodzi. Zakuti mukameta ndevu zimamera zonenepa si zoona. Tsitsi losametedwa limakhala losongoka kumapeto, lometedwa limakhala lodukiza, n'chifukwa chake limamveka lokhakhala. Muzu wake pansi pa khungu lezala siiukhudza n'komwe.

Ndipo lezala sabwerekana, ngakhale ndi m'bale wanu wa bere limodzi kapena mnzanu wa ku hostel. Timabala tosaoneka ndi maso timasiya magazi pachitsulo, ndipo matenda ngati hepatitis B ndi HIV amafala kudzera m'magazi. Kachilombo ka hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma kwa sabata yathunthu. Lezala yakutha muziiponya m'kachitini kotseka, osati pamtaya pomwe ana amasewera.

Ntchito ya sabata ino ilibe lezala, musadandaule. Pezani mabotolo awiri ofanana. M'limodzi thirani madzi a mvula, m'linalo madzi a pamjigo kapena pachitsime, muyezo wofanana. Ikani kachibenthu ka sopo wochapira kofanana m'botolo lililonse, tsekani, khutchumulani ka 20, kenako yezani kutalika kwa thovu ndi rula. Bwerezani katatu, lembani manambala anu ndi dzina la dera kumene mwatunga madziwo, mubwere nazo Lachisanu.